Kuyeza mmene tauni yadyera minda: malangizo ogwiritsira ntchito zithunzi za setilaiti

Mukafunsa anthu atatu okhalitsa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe kuti nyumba zinkalekezera pati m'chaka cha 2005, mulandira mayankho atatu. Wina aloza pamsika, wina aloza pamjigo, wachitatu anena kuti konseko kunali chimanga chokhachokha. Onse atatu sakunama ayi, kungoti mutu wa munthu susunga madeti. Setilaiti ndiyo imasunga. Kuyambira 1972, pamene dziko la America linatumiza Landsat yoyamba mumlengalenga, makinawa akhala akudutsa pamwamba pathu n'kumajambula, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi tsiku lake. Kuchokera mu 2008 zithunzi za Landsat n'zaulere kwa aliyense.

Ndatenga Lilongwe ngati chitsanzo chifukwa kukula kwake n'kosabisika. Boma linasamutsira likulu kuno kuchokera ku Zomba mu 1975. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzindawu, pomwe wa 2018 anapeza 989,318. Anthu onsewa anamanga penapake, ndipo penapakepo panali munda wa munthu, dimba, dambo kapena tchire. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti nkhani imeneyi timangoikamba pakamwa, pamaliro ndi m'minibasi, chonsecho umboni wake uli poyera. Mwana wa sukulu yaukachenjede, mtolankhani, membala wa komiti ya chitukuko, ngakhale mlembi wa mfumu, angathe kuutenga ndi laputopu wamba. Njira yake ndi iyi, ndipo imagwira chimodzimodzi ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Tete.

Yambani ndi funso limodzi ndi malire amodzi

Musayambe ndi mzinda wonse. Sankhani dera limene mumalidziwa ndi mapazi, ndipo lembani funso lanu m'kope: kodi nyumba zalowa motani m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa 2005 ndi chaka chino? Kodi minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji yatsala mahekitala angati? Funso likakhala lolunjika, limakuuzani lokha zaka zofunika ndi mtundu wa chithunzi.

Malire amene mwadula pachiyambi musawasinthenso. Mukayeza chaka china ndi malire aang'ono, china ndi aakulu, ziwerengero zanu zasanduka zopanda pake. Dziwaninso kuti tauni siima pamalire a khonsolo. Nyumba zambiri zatsopano zili kunja kwake, m'malo a mafumu, cha ku Likuni, ku Chigwirizano ndi ku Njewa. Ngati funso lanu ndi la kukula kwa mzinda, siyani mpata wa makilomita angapo kunja kwa malirewo.

Zoyamba kuona: Google Earth Pro

Pulogalamuyi ndi yaulere. Iikeni pa kompyuta, lembani dzina la dera lanu, kenako dinani kachizindikiro ka wotchi kamene kali pamwamba. Patuluka kamzere ka zaka, ndipo mukamakakokera kumanzere mukubwerera m'mbuyo. M'matauni athu zithunzi zooneka bwino, zoti n'kuwerenga denga limodzilimodzi, zimayambira m'zaka za m'ma 2000. Kumbuyo kwa apo kuli zosaoneka bwino kwenikweni, zochokera ku Landsat, zofika mpaka cha m'ma 1984.

Musanakhulupirire maso anu, dziyeseni ndi chinthu chimene mukudziwa chaka chake. Pitani pa Bingu National Stadium, imene inatsegulidwa mu 2017, mubwerere m'mbuyo mpaka bwalolo lizimiririke n'kutsala thengo. Chitaninso chimodzimodzi ndi nyumba ya malamulo ya ku City Centre, yotsegulidwa mu 2010. Mukatero mwazolowera mmene malo omangidwa, malo olambulidwa kumene ndi malo osakhudzidwa amaonekera kuchokera kumwamba.

Tsopano bwererani kudera lanu. Yang'anani pansi pa chithunzi pamene palembedwa tsiku limene chinajambulidwa, ndipo lilembeni m'kope nthawi iliyonse. Samalani, chifukwa chimene mukuona nthawi zina ndi zigamba zosokedwa pamodzi: mbali ina ya chaka china, mbali ina ya chaka chinanso. Mukaona mtundu wa nthaka wasintha mwadzidzidzi pamzere wowongoka, ndiye msoko umenewo.

Dinani chida cha polygon, chojambulira mzere wozungulira malo, muzungulize malo onse amene pali nyumba m'chaka choyamba. Mukamaliza, tsegulani pamene palembedwa Measurements, musankhe mahekitala, ndipo pulogalamuyo ikuuzani kukula kwa malowo. Lipatseni dzina lokhala ndi chaka, monga "nyumba 2005". Sunthani kamzere ka zaka, mujambulenso ndi mtundu wina. Mizere itatu kapena inayi yosanjikizana, wofiira mkati, wachikasu kunja kwake, wobiriwira kunja kwenikweni, imafotokoza nkhani yonse popanda mawu. Isungeni ngati fayilo ya KML kuti mudzaigwiritsenso ntchito. Ngati dera lanu ndi laling'ono, mudzi umodzi kapena dambo limodzi, mukhoza kulekera pomwepa n'kudumphira ku gawo loyenda pansi, la mutu wakuti Valani nsapato.

Nkhani ya nyengo, pamene ambiri amagwera m'mbuna

Apa ndichedwapo pang'ono, pakuti ndi pamene ndinaphunzira movutikira. Nthawi ina ndinaika pambali zithunzi ziwiri za dera lina la kumadzulo kwa mzinda, china chakale, china chatsopano. Chakalecho chinali chobiriwira ngati dimba la mpiru, chatsopanocho chofiirira ngati bwalo la mpira la kumudzi. Mtima unandiwawa, ndinayesa kuti zomera zonse zatha m'zaka zochepa. Nditayang'anitsitsa madeti ndinapeza kuti choyamba chinali cha Malichi, chimanga chili ndi ngaiyaye, pomwe chachiwiri chinali cha Okutobala, anthu atasosa kale n'kutentha mapesi. Chimene ndinayeza sikunali kukula kwa tauni koma kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe. Ndikanapita nazo kwa anthu, ndikanawasocheretsa ndi mtima woyera.

Choncho yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo. Koma mwezi uti? Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimba pafupifupi chilichonse. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumwamba kumayera, koma pansi pamakhala mavuto atatu: minda yosalima imaoneka ngati malo omangidwa, lupsa limada ngati phula kapena madzi, ndipo utsi wa moto wolusa umachititsa chithunzi chimbuuzi. Ine ndimakonda kumapeto kwa Epulo, Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni. Mvula yatha, mitambo yachepa, koma udzu ndi minda zikadali ndi kaubiriwiri, ndiye malata ndi misewu zimaonekera pazokha. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje akumbukire chiperoni cha Juni ndi Julayi, chimene chingawabisire dera lonse kwa masiku angapo.

Onaninso mmene mvula inagwera chaka chimenecho. Meyi wa chaka cha chilala safanana ndi Meyi wa chaka cha mvula yambiri, ndipo zimenezi muyenera kuzilemba pambali pa ziwerengero zanu.

Kutenga zithunzi za Landsat ndi Sentinel-2

Dera likakula, kapena mukafuna kubwerera m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kuzunguliza ndi dzanja sikuthekanso. Apa m'pofunika zithunzi zenizeni za setilaiti. Chithunzi chotere chimapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Pa Landsat kabokosi kamodzi ndi mamita 30 mbali zonse, kutanthauza kuti nyumba yanu simuiona payokha, koma mudzi muuona. Setilaiti iliyonse ya Landsat imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16.

Tsegulani akaunti yaulere pa EarthExplorer, tsamba la pa intaneti la USGS, bungwe la boma la America losunga zithunzi za Landsat. Ikani chizindikiro pa mapu pamene pali dera lanu, lembani miyezi imene mwasankha, chepetsani mitambo kuti isapitirire 10 pa 100 alionse, ndipo pa Data Sets musankhe Landsat Collection 2 Level-2. Zaka zakale, kuyambira 1984 mpaka 2011, muzipeza pa Landsat 5. Kuyambira 2013 pali Landsat 8, ndipo Landsat 9 inawonjezeka mu 2021. Landsat 7, ya 1999, muisamale: chida chake china chinawonongeka kumapeto kwa Meyi 2003, ndipo zithunzi zake zonse kuchokera pamenepo zili ndi mizere yakuda yopanda kanthu. Ngati mungathe, zilambalaleni.

Chithunzi chathunthu chimadya bandulo yambiri, pafupifupi gigabaiti yathunthu. Palibe chifukwa chotengera zonse. Setilaiti imajambula malo amodzi m'zigawo zingapo za kuwala, zotchedwa mabandi, ndipo mukhoza kutsitsa okhawo amene mukuwafuna. Pa Landsat 8 ndi 9 tengani bandi 2 mpaka 6, pa Landsat 5 tengani 1 mpaka 5. Manambalawa sagwirizana, ndipo ichi chasokoneza anthu ambiri. Kuwala kofiira ndi bandi 3 pa Landsat 5 koma ndi bandi 4 pa Landsat 8. Kuwala kwa infrared kwapafupi, kumene maso athu sakuona koma masamba amakubweza kwambiri, ndi 4 pa Landsat 5 ndipo ndi 5 pa Landsat 8. Lembani zimenezi pakapepala, mumate pa laputopu.

Kwa zaka zaposachedwa kuli Sentinel-2 ya mayiko a ku Ulaya, imene inayamba mu 2015. Kabokosi kake ndi mamita 10, ndipo kuchokera pamene inzake inakwera mu 2017 imajambula malo amodzi pakatha masiku asanu. Pa tsamba la pa intaneti la Copernicus Browser mungathe kuona zithunzizi, kuziyerekeza ziwiriziwiri ngakhale kupanga kakanema ka kusintha kwa malo osatsitsa kanthu. Chenjezo langa ndi limodzi: musayeze 1995 ndi Landsat, chaka chino ndi Sentinel-2, n'kuchotsera. Ya mamita 10 imaona tinyumba timene ya mamita 30 imaphonya, ndiye kukulako kudzaoneka kopitirira muyeso. Muyeso ukhale umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kulowa mu QGIS

QGIS ndi pulogalamu yaulere yopangira mapu. Mukaitsegula, ikani projekiti yanu pa EPSG:32736, imene ndi UTM zone 36 ya kummwera, momwe Malawi ali, kuti miyeso ikhale m'mamita. Lowetsani mabandi anu ndi fayilo ya KML ya malire a dera lanu, yojambula mu Google Earth Pro, ndipo dulani chithunzi potsata malirewo kuti kompyuta isalemedwe.

Phatikizani mabandi atatu kuti mupeze chithunzi cha mitundu yachilendo: 5, 4, 3 pa Landsat 8, kapena 4, 3, 2 pa Landsat 5. Zomera zonse zisanduka zofiira, madzi akuda, malo omangidwa otuwa mopita ku buluu. Koyamba zimadabwitsa, koma maso akazolowera simufunanso china. Pa chithunzi chosadula, nkhalango ya Dzalanyama imaoneka yofiira kwambiri kummwera chakumadzulo, damu la Kamuzu ku Malingunde lakuda bii, mafakitale a ku Kanengo owala mbee. Ndipo pakati pa minda mudzaona timadontho tofiira tomwazikana, timene sitisuntha chaka ndi chaka. Amenewo ndi manda. M'midzi ya Achewa mitengo ya kumanda sidulidwa wamba, choncho tinkhalango timeneti timatsala ngakhale tauni itazungulira mbali zonse. Ine ndimatigwiritsa ntchito ngati zikhomo zotsimikizira kuti zithunzi za zaka zosiyana zagona bwino pamwamba pa zinzake. Ndipo kuona kadontho kamene mu 1990 kanali pakati pa minda lero katapanikizika ndi malata, kumakuuza zambiri za kumene mudziwo unapita.

Kuti muyeze ubiriwiri ndi nambala, werengerani muyeso wotchedwa NDVI mu Raster Calculator, chida chowerengera cha mu QGIS: infrared kuchotsa kufiira, kugawa ndi infrared kuphatikiza kufiira. Pa zithunzi za Landsat Level-2 yambani mwachulukitsa bandi iliyonse ndi 0.0000275 n'kuchotsapo 0.2, apo ayi yankho lipotoka. Zotsatira zimakhala pakati pa -1 ndi 1: mitengo yowirira pamwamba, malata ndi dothi pafupi ndi ziro, madzi pansi pake.

Kenako phunzitsani kompyuta kusiyanitsa malo. Ikani pulagini (kapulogalamu kowonjezera mu QGIS) yotchedwa Semi-Automatic Classification Plugin. Musachulukitse magulu, asanu akwana: malo omangidwa, minda ndi udzu, mitengo, madzi, dothi lopanda kanthu. Pa gulu lililonse zungulizani zitsanzo khumi kapena kupitirira m'malo amene mukuwadziwa bwino, ndipo zitsanzozo zichokere m'madera osiyana. Malo omangidwa a ku Area 47, a mipanda ya njerwa ndi mabwalo akuluakulu, safanana ndi a ku Mtandire kapena ku Chinsapo kumene madenga amagundana. Mukaiphunzitsa mtundu umodzi wokha, inayo idzaiphonya. Chaka chilichonse chikhale ndi zitsanzo zakezake.

Zimene kompyuta siidziwa za kwathu

Mapu akatuluka amakongola, ndipo kukongolako kumanyenga. Pulogalamuyi sinakhalepo ku Lilongwe. Mwala wa phiri la Bunda idzauyesa simenti. Mchenga wa mumtsinje, maenje oumbira njerwa m'madambo ndi mabwalo a sukulu idzaziyesa nyumba. Madera akale amitengo yambiri monga Area 10 ndi Area 43 idzawayesa nkhalango, pamene pansi pa mitengoyo pali nyumba zazaka zambiri.

Chachikulu koposa ndi denga. Nyumba yofolera ndi udzu, yamakoma a dothi, pabwalo losesedwa, kuchokera kumwamba imafanana ndi munda wouma. Mwini wake akagulitsa fodya kapena soya n'kukhoma malata, setilaiti imaona nyumba yatsopano pamene pakhala anthu kuyambira kalekale. Mudzi wathunthu ungathe kubadwa pa mapu anu chifukwa cha malata basi. Uku ndi kusintha ndithu, ndipo n'kwabwino, koma si kukula kwa tauni. Wodziwa kusiyanitsa ziwirizi ndi inuyo amene munakulira m'nyumba zoterozo. Bwererani ku Google Earth Pro, muyang'ane ngati pamalopo panali kale tinjira, makola ndi mitengo ya mango yozungulira mabwalo.

Kuwerengera mahekitala

Apa mpachidule. Chida cha Raster layer unique values report chikuuzani mapikiselo a gulu lililonse. Pa Landsat chulukitsani ndi 0.09 kuti mupeze mahekitala, pa Sentinel-2 gawani ndi 100. Tingoyerekeza: mapikiselo 20,000 a malo omangidwa ndi mahekitala 1,800. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, ndipo polankhula ndi alimi gwiritsani maekalawo. Musalekere pa kunena kuti nyumba zachuluka. Pulagini ija ili ndi chida cha Cross classification chimene chimaonetsa kuti malo omangidwa atsopanowo anali chiyani kale, minda, mitengo kapena dambo. Yankho la funso lanu nthawi zambiri lili pamenepo.

Valani nsapato

Uzani QGIS ikumwazireni madontho 50 mpaka 100 mwachisawawa m'dera lanu. Pa dontho lililonse yerekezani chimene mapu anu akunena ndi chimene chilipodi. Ambiri mungawaone pa Google Earth Pro, koma okayikitsawo apitireni. Ikani madonthowo m'foni ndi QField, pulogalamu ya m'foni yogwira ntchito ndi QGIS, kapena ingolembani manambala ake mu Google Maps, mukaime pomwepo, mujambule kumpoto, kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Ambiri a ntchitoyi amafuna kuti madontho 85 mwa 100 agwirizane. Mukaperewera, konzani zitsanzo zanu mubwerezenso.

Musalowe m'mudzi ndi foni m'manja ngati mbala. Yambani mwakaonekera kwa mfumu kapena kwa atsogoleri a dera, mufotokoze chimene mwadzera. Masiku ano munthu wachilendo woloza uku ndi uku amaganiziridwa kuti wabwera kudzadula mapuloti kapena kudzalemba nyumba zoti zigwetsedwe, ndipo mantha amenewo ali ndi pochokera. Kumanda musalowe popanda chilolezo, ngakhale dontho lanu litagwera pakati penipeni. Kwina ndi kudambwe.

Tengani chithunzi chakale chosindikiza papepala lalikulu, mukakhale nacho pamkeka ndi achikulire. Funsani mwaulemu: "Agogo, apa pakuoneka mdima apa panali chiyani?" Adzakuuzani kuti panali chitsime chosaphwa, kuti madimba anayamba kugulitsidwa chaka chakuti, kuti madzi akasefukira ankafika pamtengo uwo. Zoterezi n'zofunika kwambiri m'mbali mwa mitsinje. Anthu a ku Mtandire sanaiwale mmene Lingadzi inasefukira mu Febuluwale 2017. Mapu oonetsa nyumba zikusendera kumtsinje chaka ndi chaka, ophatikiza ndi mawu a achikulire a kumene madzi ankafika, ndi chinthu chimene komiti ya chitukuko ingapite nacho ku khonsolo n'kumvedwa.

Poonetsa anthu

Pa mapu alionse lembani tsiku la chithunzi, dzina la setilaiti, sikelo, kumene kuli kumpoto, ndi madontho angati mwa amene munayesa anagwirizana. Mitundu ikhale yofanana pa zaka zonse. Ngati mukufuna kudzitsimikizira, yerekezani zanu ndi Global Human Settlement Layer ya European Commission kapena Open Buildings ya Google, imene inajambula madenga a mu Africa muno limodzilimodzi. Mukasiyana nawo musafulumire kugonja, pitani mukaone, pakuti nawonso amaphonya nyumba zaudzu.

Chithunzi cha setilaiti chimaonetsa kuti pamalo panamangidwa liti, koma sichinena mwini malo, amene anagulitsa, kapena ngati panali chilolezo. Musachisandutse chikalata cha umwini pamlandu wa malire, ndipo musaike pa intaneti mapu oloza nyumba ya munthu mmodzi kuti ndiye wolakwa. Nkhani ya malire ili ndi eni ake, mafumu, makomiti a malo ndi a Dipatimenti ya Survey.

Mafayilo onse, malire, zitsanzo ndi kope lija la madeti, asungeni malo awiri, pa kompyuta ndi pa fulashi. Meyi wa chaka chamawa mudzangotsitsa chithunzi chimodzi chatsopano, kudula ndi malire omwewo, n'kuwonjezera mzere wina pa mapu.